Mlekeni Kalaliki, Funsani Amene Adamuphunzitsa

Pali nyimbo ina imene yafala m'tauni muno, ndipo oyimba ake akuchulukirachulukira. Mukaimva m'minibasi, m'mabawa, pamaliro ngakhalenso pa wailesi. Akuti ogwira ntchito m'boma masiku ano ndi alesi, ndi mbava, ndipo mankhwala ake ndi amodzi basi: kubwere munthu wa chikwapu ngati Kamuzu. Akuti nthawi ya a Ngwazi kalaliki ankafika pa ofesi nthawi isanakwane, tayi ili pakhosi, nsapato zikuwala, fayilo siinkasowa, ndipo munthu sankayerekeza kupempha ya fanta. Ena mwa oyimbawa ndi achinyamata amene sadaonepo khadi la chipani ndi maso awo. Ena ndi akuluakulu amene akudziwa bwino lomwe zimene zinkachitika, koma asankha kuiwala.

Nyimbo imeneyi ine ndikuikana. Kuti ntchito za boma zidalowa pansi n'zoona. Amene adaimapo pamzere wa pasipoti kapena kulondola penshoni ya bambo ake ku Capital Hill safunika kuuzidwa. Chimene ndikukana ndi bodza lakuti matendawa adayambira mwa kalaliki, ndi bodza linzake lakuti mantha ndiwo mankhwala. Kalaliki ndi mwana wasukulu wanzeru. Amayang'ana kumtunda, amaona amene akukwezedwa ndi amene akuthamangitsidwa, amene wamanga nyumba yosanja ku Area 43 ndi amene wapuma ntchito akadali m'nyumba ya lendi ku Kawale, ndipo amaphunzira msanga kuposa momwe mabwana ake amaganizira. Make mbuu, mwana mbuu. Amene akufuna kudziwa chifukwa chake fayilo yake idasowa ayambe wafunsa amene akhala akuphunzitsa kalalikiyo kuyambira 1964.

Tiyambe ndi "nthawi yabwino" ija, poti inu amene mudabwerera kuchokera ku Lusaka, ku Dar es Salaam, ku Harare ndi ku London mukuidziwa kuposa ife obadwa m'matipate. Ambiri a inu simudathawe muli andale. Mudathawa muli aphunzitsi, makalaliki, madokotala ndi akatswiri a boma lomwelo. Dziko litangolandira ufulu mu Julayi 1964, a Banda adakakamira lipoti la Skinner limene Amalawi ogwira ntchito m'boma adaliona kuti likuwapondereza pa malipiro pamene azungu ankadyabe bwino, ndipo adakana kufulumira kupereka maudindo akuluakulu kwa eni dziko. Izi, pamodzi ndi tiki ija ya kuchipatala, zidali zina mwa zimene nduna monga Kanyama Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi Masauko Chipembere zidatsutsana nazo. Ogwira ntchito m'boma ambiri ku Zomba adaima mbali ya ndunazo, ndipo mu Sepitembala chaka chomwecho m'tauniyo mudali zipolowe pakati pa iwo ndi anyamata a chipani. Kuchokera pamenepo a Ngwazi adayamba kuona Mmalawi wophunzira wa mu ofesi ngati munthu woyenera kumuyang'anitsitsa. Mpando wa mkulu wa ogwira ntchito onse m'boma udakhala m'manja mwa mzungu, Bryan Roberts, mpaka 1972.

Kumbukirani ngodya zinayi zimene mwana aliyense ankaloweza: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Fufuzani bwino m'menemo ngati mupezamo kunena zoona, kuganiza, kapena kutumikira mlimi wa ku Ntchisi. Mulibe. Kukhulupirika kwake kudali kwa munthu mmodzi, ndipo kumvera kwake kudali kosafunsa. Cha m'ma 1975 ndi 1976, pamene Albert Muwalo ndi Focus Gwede adali pachimake, anthu ophunzira ambiri, makamaka ochokera kumpoto, adatengedwa m'maofesi a boma ku Zomba ndi ku Chancellor College n'kukatsekeredwa ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu. Mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto adalamulidwa kubwerera kwawo, powanamizira kuti ankaphunzitsa moipa mwadala ana a m'zigawo zina. Sukulu zambiri za pakati ndi kumwera zidatsala padzuwa, mabanja adagawikana, koma mu unduna wonse wa maphunziro mudalibe munthu amene akadayerekeza kunena kuti, "Bwana, apa talakwitsa." Amenewo ndiwo mwambo umene ena akuulirira lero.

Mukufuna kudziwa kumene kumvera kotere kumafikitsa dziko? Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adaphedwa ku Mwanza, boma n'kulengeza kuti idali ngozi ya galimoto. Komiti yofufuza ya Jaji Mtegha, imene idakhazikitsidwa mu 1994, idapeza kuti adaphedwa ndi apolisi. Apolisiwo adali ogwira ntchito m'boma osunga nthawi, a yunifolomu yosita bwino, omvera bwana mosayang'ana nkhope. Amene adalemba chikalata chabodza chija cha ngozi, ndi amene adachiwerenga pa MBC, nawonso sadachedwe kuntchito tsiku limenelo.

Ndipo pasapezeke wonena kuti kudalibe kudya za anthu. Kudalipo, koma mbale yake idali ya munthu mmodzi ndi oyandikana naye. ADMARC inkagula mbewu za alimi ang'onoang'ono pa mtengo wozizira, phindu lake n'kumakakometsa Press Holdings ndi maesiteti a akuluakulu. Kalaliki sankaba choko chifukwa ankaopa Mikuyu. Amene ankatenga zazikulu adalibe womuopa.

Chimene ulamuliro uja udasiya m'maofesi athu ndi luso lodziteteza. Usasaine kanthu bwana asanaone. Usapereke maganizo pa msonkhano mpaka udziwe kumene mphepo ikulowera. Cholakwika ukachiona tseka pakamwa, ana ako akadali aang'ono. Kodi mumadabwa kuti kalata yaing'ono imakwera matebulo ambirimbiri, aliyense n'kulembapo kuti wotsatira aone, osapezeka woti inde kapena ayi? Kodi mumadabwa ndi yankho lija lakuti bwana atuluka, bwerani mawa, pamene munthu amene wakuyankhaniyo akudziwa bwinobwino chofunika kuchita? Imeneyo ndi mbewu ya chipani chimodzi, ndipo idamera bwino. Pamene mantha adachoka ndi riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, padalibe china chogwiriziza nyumbayo, chifukwa kwa zaka 30 palibe adavutikapo kuphunzitsa wogwira ntchito kuti bwana wake weniweni ndi mayi uja wakhala pa benchi panja kuyambira m'mamawa, mwana ali kumbuyo.

Tsono aphunzitsi atsopano adabwera, ndipo maphunziro awo adali ena. A Bakili Muluzi adalengeza sukulu yaulere ya pulayimale mu 1994. Lidali ganizo labwino, ndipo ana adachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'kanthawi kochepa. Boma lidalemba aphunzitsi pafupifupi 20,000 osaidziwa ntchitoyo, lidawaphunzitsa masabata ochepa, n'kuwaponya pansi pa mitengo ndi chikhamu cha ana. Mu 1995 komiti ya Jaji Chatsika idaunika malipiro a ogwira ntchito m'boma ndi kunena kuti akwezedwe kwambiri. Boma lidazengereza, kwacha ikungogwa, mpaka mu 1997 anthu adanyanyala ntchito kufuna zimene Chatsika adalonjeza. M'chaka cha 2000 kudaphulika nkhani ya K187 miliyoni ku unduna wa maphunziro, ndalama zolipidwa kwa makontilakita a midadada ya sukulu imene ina siidamangidwe n'komwe. Taganizani mphunzitsi uja wa pansi pa mtengo, malipiro ake achedwa, akumva nkhani imeneyi pa wailesi ya mnzake. Waphunzirapo chiyani?

Malipiro atasanduka nthabwala, mpata wake udatsekedwa ndi alawansi, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Munthu akagona kunja kwa malo ake a ntchito amalandira ndalama ya usiku uliwonse. Cholinga chake chidali chabwino: alipire pogona ndi chakudya. Koma pamene masiku ochepa a kunyanja ayamba kupikisana ndi malipiro a mwezi wathunthu, ntchito yeniyeni ya munthu imasanduka kusaka ulendo. Ndicho chifukwa chake anthu okhala m'makonde amodzi ku Capital Hill, okambirana nkhani ya ku Capital Hill komweko, amakachitira msonkhano wawo ku Mangochi, ku Salima, kapena pa Mponela pompa, bola mtunda ukwane. Ndicho chifukwa chake mumapeza munthu akulowa pa msonkhano, kusaina pepala, kutenga envelopu, n'kuthamangira ku msonkhano wina, jekete atalisiya pa mpando ku ofesi kuti lizimugwirira ntchito. Mabungwe otithandiza nawo asadzichotse: kwa zaka zambiri ankapikisana kulipira anthu kuti abwere ku misonkhano yawo, lero n'kumadabwa kuti popanda envelopu munthu sasuntha. Koma funso lenileni nali. Amasankha opita ndani? Bwana. Amasaina vocha ndani? Bwana. Alawansi ndi chingwe chimene bwana amamangira anyamata ake. Wofunsa mafunso, wokana kusaina pepala lokayikitsa, dzina lake silipezeka pa mndandanda wa ulendo. Wogwedeza mutu amayenda sabata ndi sabata, ndipo pakutha pa chaka wakhoma malata. Amati mbuzi imadya pomwe aimangirira. Chabwino, nanga mphunzitsi wa ku Nthalire, namwino wa ku Makhanga ndi mlangizi wa ku Nayuchi, amene adamangiriridwa pa thanthwe, adye chiyani? Amenewa ndiwo amakumana ndi anthu tsiku ndi tsiku, koma envelopu siiwadziwa.

Anzanga ena amene ndidawasiya ku koleji pamene ine ndidatulukira panjira lero ali m'boma. Ndidawaona akulowa ndi moto, mitu yodzaza maganizo a momwe angakonzere izi ndi izo. Mmodzi adalemba ndondomeko yochepetsera masiku amene munthu amadikira pepala lina; bwana wake adaiwerenga, adamuyamika, n'kumufunsa mwaulemu kuti kodi akufuna mpando wa ndani. Pasanathe zaka ziwiri mnyamatayo adali ataphunzira kuyankhula pang'onopang'ono, kuseka nthabwala za bwana ndi kudziwa mwezi umene ndalama za maulendo zimatuluka. Sadabadwe waulesi. Ndi munthu amene amakhoza mayeso aliwonse amene wapatsidwa, ndipo mayeso a mu ofesi imeneyo adali amenewo.

Phunziro lachiwiri la nthawi ya matipate ndi lakuti mtundu wa nsalu ya chipani umaposa setifiketi. Alembi akuluakulu a maunduna, akuluakulu a makampani a boma, akazembe, onsewa amadalira cholembera cha pulezidenti kapena cha anthu amene iye wawaika. Tsono boma likasintha, monga zidachitikira mu 1994, 2004, 2012, 2014 ndi 2020, tsache limadutsa kumtunda. Ena amachotsedwa mosatsata malamulo, amapita kukhoti, amapambana, ndipo chipukuta misozi chake timalipira ndife. Ena amawaunjika ku ofesi ya pulezidenti ndi nduna pa dzina lakuti ntchito zapadera, kumene amalandira malipiro ndi mafuta a galimoto chifukwa chowerenga nyuzipepala. M'malo mwawo mumalowa ovina bwino. Mu Juni 2020, kutatsala masiku owerengeka kuti chisankho chobwereza chichitike, mlembi wamkulu wa boma Lloyd Muhara adatulutsa chikalata chotumiza Jaji Wamkulu Andrew Nyirenda ku tchuthi chodikira kupuma, makhoti n'kuchikaniza. Munthu amene amayenera kukhala chitsanzo cha wogwira ntchito aliyense adaonetsa dziko lonse amene iye amamutumikira. Amene adalowa pambuyo pake adalonjeza kuchotsa zinyalala, koma nduna zawo zoyamba mu Julayi 2020 mudali bambo ndi mayi a nyumba imodzi, Sidik ndi Abida Mia, mudalinso mlongo ndi mlongo wake, Ken Kandodo ndi Khumbize Chiponda, ndipo mu 2021 mwana wa a Chakwera adapatsidwa ntchito ku ukazembe. Kenaka anthu omwewa amaima pa nsanja kulalikira mesenjala kuti asiye kukondera achibale.

Za Cashgate zalembedwa zambiri, koma pali chinthu chimodzi chimene sichikumbukiridwa mokwanira. Mu Febuluwale 2013 ogwira ntchito m'boma adanyanyala pafupifupi masabata awiri, sukulu zidatsekedwa, ndege zidaleka kutera pa bwalo la Kamuzu, chifukwa kwacha idali itagwetsedwa mu 2012 ndipo malipiro sankafika pakati pa mwezi. Boma la a Joyce Banda lidayamba lanena kuti ndalama palibe, kenaka lidavomera kukweza olandira zochepetsetsa ndi 61 peresenti. Kuyambira Epulo mpaka Sepitembala chaka chomwecho, malinga ndi lipoti loyamba la kampani ya Baker Tilly, ndalama zoposa K13 biliyoni zidatulukira khomo lakumbuyo. Njira yake idali yosavuta: kulowa m'makina a IFMIS, kulemba cheke kwa kampani imene siidapereke ngakhale msomali umodzi, ndalama zikatuluka n'kufufuta zonse m'kompyuta. Ndalama zotere sizituluka ndi dzanja la kalaliki yekha. Cheke chimafuna masaini, banki imafuna chilolezo, ndipo pali anthu olipidwa mwezi ndi mwezi kuti aziyerekeza mabuku. Makonde onse a Capital Hill ankaona anyamata a magiredi otsika akusintha magalimoto ngati malaya. Nkhaniyi siidaululike chifukwa mlembi wamkulu wina adaimirira n'kunena kuti basi. Idaululika apolisi atapeza mamiliyoni kwa kalaliki wina wa ku akaunti, kenaka chipolopolo chitalasa mkulu wa bajeti Paul Mphwiyo pa geti la nyumba yake pa 13 Sepitembala 2013. Mlembi wamkulu wa unduna wa zokopa alendo, Treza Senzani, adavomera mlandu wa K63 miliyoni n'kulamulidwa zaka 3 mu 2014. Kalaliki uja adalandira zaka 9. Mayiko otithandiza adaimitsa thandizo lawo la mu bajeti, m'zipatala mudasowa mankhwala, ndipo amene adalandira mwano wa odwala okwiya adali namwino wa pa windo, yemwe uja adanyanyala mu Febuluwale atauzidwa kuti ndalama palibe.

Nanga amene amayesa kuchita zolungama zimawathera bwanji? Ili ndilo phunziro limene limalowa m'mutu kuposa semina ina iliyonse. Mu Julayi 2015 Issa Njauju, mmodzi wa akuluakulu a bungwe lothana ndi katangale la ACB, adaphedwa ku Lilongwe, thupi lake lidapezeka litakwiriridwa mwachisawawa, galimoto yake itatenthedwa. Zaka zidadutsa, maboma adasinthana, Amalawi osauzidwa amene adatuma. Mu 2019 asilikali a nkhondo motsogozedwa ndi Vincent Nundwe adateteza anthu ochita zionetsero m'malo mowaombera. Mu Malichi 2020 a Peter Mutharika adamuchotsa pa udindo. Pa 6 Disembala 2022 apolisi onyamula mfuti adazinga nyumba ya mkulu wa ACB Martha Chizuma kusanache, n'kupita naye ku Namitete ngati chigawenga, pa nthawi imene bungwe lake linkafufuza anthu amphamvu pa nkhani ya Zuneth Sattar. Mu Januwale 2023 ofesi ya pulezidenti ndi nduna idamuimitsa ntchito, mpaka khoti lidalowererapo ndipo milanduyo idathetsedwa. Tsono inu muli wowerengera ndalama wa pa khonsolo ina, mwapeza vocha yonunkha, ndipo mwaonera zonsezi pa kanema. Mkazi wanu akukuyang'anani. Muchita chiyani? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mwambi umenewu ogwira ntchito m'boma adaumvetsa mozondoka, ndipo amene adawazondotsera ndi atsogoleri.

Inu a pa windo, musaganize kuti ndikukuikirani kumbuyo pa zonse. Namwino wotukwana mayi amene ali m'matenda a uchembere ndi wankhanza, malipiro achepe asachepe. Kalaliki wobisa fayilo ya mayi wamasiye kuti amupatse kangachepe ndi mbava, ndipo akuba kwa munthu wosauka kuposa iye. Wapolisi wa pamsewu amene dzanja lake lidazolowera kulowa pa windo la minibasi akudziwa chimene akuchita. Koma taonani chilango chimene mabwana amapereka akagwira munthu wotere. Amamusamutsira ku Chitipa kapena ku Nsanje, ngati kuti anthu a kumeneko ndi dzala lotayirako zinyalala za m'tauni. Kapena amamuimitsa ntchito, nkhani n'kugona zaka osaweruzidwa. Ndipo nthawi zambiri samugwira n'komwe, chifukwa bwana amene adadya naye alawansi ya bodza mwezi watha sangamuloze chala lero. Mnzake wa tebulo loyandikana, amene amafika m'mawa ndi kuweruka mochedwa, wakhala pa giredi imodzi zaka ndi zaka, ndipo akadzapuma adzayenda maulendo osawerengeka kulondola ndalama zake zopumira. Pa mapepala a boma awiriwa ndi ofanana.

Amene amati Mmalawi sagwira ntchito popanda chikwapu andiyankhe izi. Mu 2004 boma lidayamba kugawa ma ARV aulere dziko likutha ndi maliro. Kaofesi kakang'ono ka mu unduna wa zaumoyo kadakhazikitsa lamulo losavuta: miyezi itatu iliyonse oyendera afike pa chipatala chilichonse chopereka mankhwalawa, aone makadi a odwala, awerenge mankhwala otsala, ndipo zotsatira zake zilembedwe kuti aliyense aone chipatala chimene chikuchita bwino ndi chimene chikugona. Adagwira ntchitoyi ndi anamwino, azachipatala ndi makalaliki omwewa amene timawanyoza, ndipo mu 2011 Malawi idakhala dziko loyamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera amene ali ndi kachilombo, njira imene bungwe la WHO lidadzailimbikitsa kwa mayiko ena. Mu 2005, anamwino athu akukhamukira ku Britain, boma mothandizidwa ndi Britain yemweyo ndi Global Fund lidaonjezera 52 peresenti pa malipiro a magulu angapo a ogwira ntchito zaumoyo ndi kukulitsa sukulu zawo, ndipo chiwerengero chawo chidakwera m'zaka zotsatira. Mu 2017 anthu oposa 9 miliyoni adalembetsedwa ziphaso za unzika m'miyezi pafupifupi 6. Pa 3 Febuluwale 2020 majaji 5, olipidwa ndi boma lomweli, amene adadandaula kuti wina adafuna kuwapatsa ziphuphu, adathetsa chisankho cha pulezidenti amene adali pa mpando. Palibe mwa onsewa adaopsezedwa ndi Mikuyu. Adapatsidwa ntchito yomveka, zipangizo, munthu wodzaona ngati yagwirika, ndi mtsogoleri amene sankapempha gawo lake.

Zonsezi boma likuzidziwa, chifukwa lidazilembetsa lokha kangapo konse. Kudali lipoti la Herbecq mu 1985, la Chatsika mu 1995, Masomphenya a 2020 mu 1998. Mu Febuluwale 2015 a Peter Mutharika adakhazikitsa ndondomeko yokonzanso ntchito za boma imene ankatsogolera wachiwiri wawo Saulos Chilima, kudali zokamba, zithunzi ndi kusainirana malonjezo. Mu Januwale 2021 kudabwera Malawi 2063 ndi nyimbo yake ya kusintha kaganizidwe, mawu okoma amene nthawi zonse amaloza kaganizidwe ka wina, osati ka woyankhulayo. Mwezi wotsatira, nkhani ya K6.2 biliyoni ya Covid-19 itavuta, ndalama zimene gawo lake lidathera m'malawansi anthu akusowa mpweya m'zipatala, a Lazarus Chakwera adatuma a Chilima kuti m'miyezi itatu aunike zinthu zitatu: malawansi, kagulidwe ka katundu wa boma, ndi makontilakiti a ntchito. Adalasa pamtima penipeni. Mu Epulo nduna Ken Kandodo idachotsedwa chifukwa cha ndalama zopitirira pang'ono K600,000 za Covid-19 zimene zidalipira ulendo wake wa ku South Africa, ndipo ambiri tidati mwina kwacha. Mu Meyi 2021 lipoti lidaperekedwa. A Chakwera adati ndi lowathandiza iwo, n'kulitsekera. Lipoti lolembedwa ndi ndalama za misonkho, lonena za malipiro ndi tsogolo la aphunzitsi, anamwino ndi makalaliki, eni akewo osaloledwa kuliona. Lonjezo lija lochepetsa mphamvu za pulezidenti zosankha anthu m'maudindo nalo lidathera m'malere. Kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo wogwira ntchito adauzidwanso kuti amange lamba ndi kusintha kaganizidwe.

A Chilima adamwalira pa ngozi ya ndege ku Chikangawa pa 10 Juni 2024, ndipo mpaka a Chakwera adachoka pa mpando boma lawo silidatulutse lipotilo. Pa chisankho cha Sepitembala 2025 Amalawi adabwezera a Peter Mutharika, omwe aja adakhazikitsa ndondomeko ya 2015, omwenso aja adachotsa Nundwe. Sangatiuze kuti ndi alendo ku Capital Hill. Asanayambe wina kuyendera maofesi m'mamawa ndi makamera kuti agwire mesenjala wochedwa, atiuze alembi akuluakulu amene adalowa ntchito atapikisana poyera, ndi angati akulandira malipiro opanda tebulo. Lipoti la 2021 liikidwe pa tebulo la Nyumba ya Malamulo, limasuliridwe m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, liwerengedwe pa MBC kuti mphunzitsi wa ku Nthalire alimve ndi makutu ake. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza zikalata za boma lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Inu a CSTU ndi a TUM, inu aphungu a mbali zonse, lembani kalata yopempha lipotilo, ndipo mutiuze tsiku limene mwaipereka ndi ofesi imene yailandira, kuti tiyambe kuwerenga masiku.